Mpando wa Munthu wa Opaleshoni

4 Malichi

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu. Ine kuno ndikudzuka bwino, kungoti mtima sunakhale pansi chiyambire sabata yatha pamene amayi analowa m'chipinda cha opaleshoni. Tiyamike Mulungu kuti anatulukamo amoyo ndipo ayamba kumwa tiyi.

Mudabwa kuti bwanji Wailesi wanu walemba kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa: ndikangofika pa nkhani yeniyeni, netiweki yanu imathawa. Koma inu munagwira ntchito ku positi mpaka kupuma, kalata simungaitaye musanaiwerenge. Adalaivala a basi aja amene amatinyamulira katundu azikupatsani pamanja.

Nkhani ndi iyi. Opaleshoni imene amayi achitidwa ndi yomwe ija munachitidwa inu zaka zinayi zapitazo. Awadula fupa la pachifuwa pakati, achotsa mtsempha kumwendo n'kuulumikiza kumtima kuti magazi azilambalala potsekeka paja, kenako fupalo alimanga ndi mawaya. Malamulo ake mukuwadziwa kuposa ine: osanyamula ndowa, osakoka chinthu cholemera, osadzuka modzikankha ndi manja, mpaka fupa ligwirane, miyezi ngati itatu. Inu malamulowa munawasunga bwino. Munawasunga bwino kwambiri moti mpaka lero ngakhale ketulo simuinyamula, mumangoti, "Ine ndine munthu wa opaleshoni."

Tsopano m'nyumbamo muli anthu a opaleshoni awiri, wakale ndi watsopano. Mpando wogonekeka uja ndinakugulirani nthawi imene ija, wa chitsulo chokoka pambali, ndinaugula chifukwa munthu wodulidwa pachifuwa savutika kudzukapo ndipo amagonapo chokhala osabanika. Amayi akatuluka m'chipatala, mpandowo ndi wawo. Kapilo kofiira kofungatira potsokomola kaja, kamene masiku ano mumaika kumsana, muwapatsenso. Ndipo chizolowezi chija choti m'mawa uliwonse amayi amakukokerani mpandowo pakhonde kuti muothere dzuwa, madzulo n'kuulowetsanso, chithe. Mukafuna dzuwa, pakhondepo pali benchi.

Ndatumiza ndalama yoti mupeze mayi wochapa ndi kukolopa. Aneba athu, amake mapasa, akuti akudziwa wina wokhulupirika. Kuno zinthu zakwera moti ngakhale sopo umayamba wamuyang'ana kawiri usanamutole, choncho ndalamayo isakhotere kwina.

Mundiperekere moni kwa mayi wa telala uja wagona bedi loyandikana ndi amayi. Akuti anachitidwa opaleshoni tsiku limodzi ndipo agwirizana ngati pachibale.

Ndine mwana wanu mmodzi yemweyo,
Wailesi

17 Malichi

Bambo,

Moni. Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Za moyo wa amayi mwalemba mzere umodzi, za msana wanu mwalemba tsamba lonse. Ine ndilipo, kupatula manja amene asupuka ndi mankhwala okolopera.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditamwa kaye madzi. Mukuti pampando simungachokepo chifukwa msana unazolowera. Mukuti amayi munawafunsa ndipo anati iwo pabedi pali bwinobwino. Bambo, amayi munawamvapo liti akunena kuti penapake sipali bwino? Koma chimene chandipsetsa mtima kwenikweni ndi apa mwalemba kuti, "Ine patatha masabata atatu ndinkafika kumsika, amayi ako akungodzilekerera." Koma abale! Kumsikako ankakugwirani mkono ndani? Ankakusambitsani ndani? Ankakumangani zingwe za nsapato, ndi kukuphwanyirani mapiritsi pasupuni chifukwa mumati akukukakamirani pakhosi, anali ndani?

Simunandifunsepo kumene ndimakolopa, ndiye ndikuuzani lero. Ndi holo ya kuseri kwa chipatala, kumene anthu amene achitidwa opaleshoni ya mtima amabwera kudzalimbitsa thupi. Muli njinga zopanda matayala, zongopalasa pamalo amodzi, ndipo ine ndimazipukuta thukuta. Woyang'anira ndi nesi wina wamkulu amene timamutcha Sisita Wezulo, chifukwa sanena chinthu kawiri, amangoimba wezulo. Panjingapo pamadzaza azibambo. Pabenchi ya kukhoma pamakhala akazi awo, uyu wanyamula jekete, uyo botolo la madzi, winayo kabokosi ka mapiritsi. Azimayi odulidwa pachifuwa amabweranso, koma ochepa, ndipo amabwera okha, chikwama atakolowekera pachiwongolero cha njinga. Pabenchi sipakhala wowadikira.

Nditamuuza Sisita za amayi, anaika wezulo m'thumba n'kundikhazika pansi. Anati, "Mwana iwe, amayi ako usawayeze ndi muyezo wa bambo ako. Mitsempha ya mtima wa mkazi kawirikawiri imakhala yaing'ono, kusoka kwake n'kovuta. Komanso akazi amafika kwa ife mochedwa, matenda atakhwima, ambiri ali kale ndi shuga. Bala lawo limachedwa kupola, ndipo m'masabata oyambawa mkazi ndi amene timamutaya msanga kuposa mwamuna. Asawasiye agwire ntchito."

Za kuchedwazo ndiye ine ndine mboni. Inu tsiku limene munagwira pachifuwa n'kunena kuti pakulemera ngati pakhala munthu, galimoto ya aneba inakuthamangitsirani kuchipatala tiyi wanu asanazizire. Amayi anatha zaka ziwiri akudandaula kutopa, nseru, nsagwada kuwawa ndi kupuma mobanika. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, ulendo wina anawauza kuti ndi maganizo chabe. Inu munkati ndi ukalamba. Ndipo musaiwale kuti shuga ali nayenso.

Tsopano tsinzinani diso limodzi, ndilemba za akazi. M'phukusili muli zovala ziwiri zam'kati zogwira mabere, zomanga kutsogolo. Sisita akuti mabere akamalendewera amakoka bala. Azivala usana ndi usiku. Musachite manyazi powapatsa, inetu sindinachite kugwa kuchokera kumwamba.

Za mpando sindinasinthe maganizo.

Wailesi

28 Malichi

Amayi anga okondedwa,

Mwadzuka bwanji? Musayankhe, ndikudziwa kale, munena kuti, "Ndadzuka bwino mwanawe, kaya iwe." Inu ngakhale mutagwera m'chitsime mungayankhe chimodzimodzi muli pansipo. Kalatayi ndawauza adalaivala kuti aisiye kwa amake mapasa, akuwerengereni bambo akapita kokameta, popeza maso anu tizilembo ting'onoting'ono sakutionanso.

Amayi, mukundinamiza ndipo ndakwiya nanu. Mayi wochapa uja akuti mwamuchotsa chifukwa makolala a malaya a bambo sakuwayeretsa. Makolala! Bambo akupita ku ofesi iti? Akuti tsopano mukuchapa nokha pampopi, ndowa mukutungamo madzi theka kuti isalemere, ndiye mukuyenda maulendo awiri. Nzeru zimenezo mukupusitsa nazo ndani? Fupa?

Zovala zam'kati ndinatumiza zija akuti mwazipinda bwinobwino n'kuziika m'sutikesi. Mwati n'zokongola, mudzavala tsiku lokaonana ndi dokotala. Mayo ine! Amayi, amenewo ndi mankhwala, si zovala za ku ukwati. Zitulutseni lero lomwe, amake mapasa akuthandizeni kumanga.

Ndiye pali alendo odzakuonaniwo. Amati mlendo ndi mame, koma mame a kwanuko dzuwa limafika pamutu asanakamuke. Akubwera kudzaona wodwala, wodwalayo n'kudzuka kukawaterekera ketulo, iwo ali khale kucheza ndi bambo za opaleshoni ya bambo, mpaka bambo kumasula mabatani kuwaonetsa chipsera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amayi. Mukapanda kunena kuti pakupweteka, m'nyumba imeneyo mulibe amene adzalote.

Kuntchito kwathu kunali mayi wina wamfupi, woseka kwambiri, ankandibweretsera malalanje. Anabwera kudzapalasa njinga maulendo owerengeka, kenako anati nthawi yake ikugundana ndi chakudya chamasana cha amuna ake ndi adzukulu oweruka kusukulu. Sisita Wezulo anamukalipira mpaka mayiyo analengeza misozi, komabe sanabwerenso. Mwezi watha mwana wake anabwera kudzabweza ndodo ya chipatala. Ndinadziwa kuti mayiyo watisiya, ndinangoilandira n'kuipukuta.

Mnzanu wa telala munandiuza pafoni kuti akugona chotsamira khoma, pa matumba a zidutswa za nsalu, chifukwa chagada sangathe. Munamumvera chisoni kwambiri. Iyeyo mpando alibe. Inu muli nawo pabalaza, ndipo mukuupukuta fumbi.

Za ine musade nkhawa. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anapita kuntchito Lolemba ndipo sanabwere, zovala zake zikadali pachingwe. Masiku ano ndikudzera njira ya kuseri kwa msika, chifukwa pa siteji ya basi pakumaima anthu ofunsa mapepala. Zina tidzakamba pamaso.

Ndikukusowani, amayi. Khalani pansi, chonde. Ndi chokhacho chimene ndikupempha.

Mwana wanu

8 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo lero ndikufunsa ndi mtima wonse, ngakhale za msana womwewo. Ine ndili bwino, manja ayamba kupola, anatipatsa magolovesi atsopano.

Amake mapasa atandiimbira kuti amayi akugona pampando ndipo inu muli pabenchi, ndinawauza kuti abwereze, mwina netiweki ikundinamiza. Akuti mwawafunditsa bulangete lanu lija la mizeremizere. Akuti munatereka ketulo nokha, manja awiri, ndipo simunafe. Za mazira mwakazinga aja ndamva kuti utsi unafika mpaka kwa aneba, mapasa anathamangira kumeneko ndi ndowa poganiza kuti nyumba ikupsa. Palibe kanthu, bambo. Mazira opserera sanaphepo munthu.

Kalata yanu yandigwira mtima. Mwalemba kuti munawapeza amayi atatsamira khoma la bafa, milomo itayera, akulephera kumaliza dzina lanu, ndipo mwati, "Ndinaopa." Chibadwire ine sindinakumvenipo mukunena mawu amenewo. Ngati m'makalata apitawa ndinalankhula mopyola, mundikhululukire. Munanditcha nokha Wailesi, ndipo wailesi ilibe mabuleki.

Ndinamuuza Sisita Wezulo, ndipo anaseka mpaka kutsamira njinga. Akuti mutumize chithunzi muli pabenchi, achipachike kukhoma kuti azibambo a kuno aone kuti n'zotheka. Wandipatsanso malangizo oti ndikuuzeni. M'mawa uliwonse muziona balalo pamalo owala. Likafiira, likatupa, likayamba kutuluka madzi kapena kununkha, kapena thupi la amayi likatentha, musadikire. Muziyenda nawo pang'onopang'ono, lero mpaka pageti, mawa mpaka pagolosale. Inu njira imeneyi munaiyenda kale, muwatsogolere.

Mayi wochapa uja mumuitanenso. Akapanda kuyeretsa makolala, muzivala malaya opanda kolala.

M'phukusi muli chipewa cha dzuwa, popeza benchi ilibe mthunzi, ndi malezala amene mumawakonda aja. Amayi ndawaikira mafuta odzola pamwendo pamene anachotsa mtsempha. Kuchipinda ndikugona ndekha tsopano, choncho lendi yonse yagwera ine, koma zimenezo ndi zanga.

Mulungu akusungeni nonse awiri.

Wailesi wanu

19 Epulo

Bambo,

Moni ndikupereka chifukwa kalata imayamba ndi moni. Za moyo wanu sindifunsa, ndamva kuti muli bwino, mwabwerera pampando.

Sabata imodzi, bambo! Sabata imodzi yokha ndi imene munakwanitsa! Akuti anzanu aja munkagwira nawo ntchito ku positi anabwera kudzacheza, anakupezani pabenchi mutavala chipewa, ndipo wina anati, "Aaa, bwana wathu, mwatsitsidwa udindo?" Onse anaseka. Amayi anamva ali pabalaza, manyazi anawagwira m'malo mwa inu, anadzuka n'kunena kuti achira, mpando atenge eni ake. Ndipo inu munavomera. Munthu wamkulu ndithu, kuopa kuseka kwa nkhalamba zitatu zimene zinabwera kudzamwa tiyi wa munthu wodwala!

Mudzati amayi ananena okha. Inde ananena okha. Amanenanso okha kuti akhuta pamene ndiwo zachepa. Zaka zonsezi mwakhala nawo, chinenero chawo simunachiphunzire?

Tsopano mvetserani. Amake mapasa akuti bala likutuluka madzi achikasu, thupi la amayi likutentha, ndipo akatsokomola pachifuwa pakumveka kuti gwede, ngati chitseko chomasuka. Akuti inu mwanena kuti mudikira tsiku limene dokotala analemba pakhadi, kumapeto kwa mwezi, chifukwa kupita tsiku lisanakwane n'kusokoneza ndondomeko ya anthu. Kumeneko si ku positi, bambo! Mafinya sadikira chidindo! Ndinamufotokozera Sisita za phokoso la pachifuwalo, anangondilozera foni yanga kuti ndiimbe pompo.

Ndakuimbirani, mwadula. Ndaimbanso, mwazimitsa. Ndiye ndapangana ndi amuna awo a amake mapasa kuti abwere ndi galimoto lero lomwe. Kalatayi ikamakupezani mukhale muli kale kuchipatala. Ngati mungawabweze pageti, mudzandiuze ndi pakamwa panu kuti munawabwezeranji.

Pali chinanso. Fupa limene linayamba kugwirana silimasuka lokha. Lachiwiri m'mawa chinachitika n'chiyani pakhomopo? Amake mapasa anangotchula tsikulo, koma ndikawafunsa akungoti, "Ukafunse bambo ako, ine sindikufuna kupasula banja la eni." Ndiye ndikufunsani inu.

Wailesi

25 Epulo

Bambo,

Ndikhulupirira mukudya ndi kumwa mankhwala anu, musagwe nanunso. Ine thupi lili bwino, zinazo ayi.

Ndamva zonse. Mawaya aduka, mafinya afika pafupa, awatsegulanso kachiwiri, ndipo tsopano akupuma ndi makina. Lero sindikalipa, mphamvu zake ndilibe.

Mwalemba kuti ndibwere. Bambo, chikwama ndinalongedza, ndinafika mpaka pa depoti. Koma mapepala anga anatha chaka chatha, zimene sindinakuuzeni. Ndikatuluka m'dziko lino sadzandilolanso kulowa, ndipo mapiritsi a anthu awiri amachokera pa mopu wangayu. Amayi akadzuka adzafunika mankhwala ochuluka kuposa kale. Ndinakhala pa depotipo mpaka basi inanyamuka, kenako ndinabwerera kukakolopa.

Ndiye zimene ndikanachita ine, muchite inu. Muziwapaka mafuta pamilomo, makina aja amaumitsa. Muwapese tsitsi, sakonda kuonedwa ndi anthu lili nyankhalala. Ndikaimba, muike foni pakhutu pawo ndipo musadule, ngakhale muone ngati sakumva. Manesi akakutulutsani m'chipindamo musapite kunyumba. Kunja kwa chitseko kuli benchi, mukhale pamenepo ndi juzi yawo m'manja, kuti akatsegula maso n'kufunsa, awauze kuti amuna anu ali panjapa.

Funso langa lija simunayankhe. Lidikira.

Mwana wanu

2 Juni

Bambo,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anandilera kuti ndizipereka moni. Mukuti mwaonda ndipo tulo sitikubwera. Inenso.

Makalata anu atatu ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa zimene ndikanalemba mwezi wathawu si zoti mwana alembere kholo lake. Maliro a amayi anga ndinaonera pafoni ya amake mapasa, nditadzitsekera m'kachipinda kosungira mamopu, kunja wezulo akulira, azibambo akupalasa njinga. Munayenda bwino kumbuyo kwa bokosi, bambo. Palibe amene anakugwirani mkono.

Ndamva kuti pabenchi ya chipatala munakhalapo mpaka tsiku lomaliza, ndipo tsitsi munawapesa. Zimenezo ndathokoza ndipo sindidzaziiwala.

Koma m'kalata yachitatu mwalemba mawu awa: "Dokotala anati opaleshoni imeneyi akazi ambiri imawavuta. Nawenso unalemba zomwezo. Ndiye tisalimbane, inali nthawi yawo." Bambo! Mawu anga omwe? Ndinapita kwa Sisita, ndinakhala pansi kulemba za mitsempha yaing'ono ndi bala lochedwa kupola kuti muwasamale kuposa mmene iwo anakusamalirani inu. Inu mwawatenga mawuwo, mwawasunga bwinobwino ngati kalata ya rejisitala, lero mukuwatulutsa kuti musambire m'manja. Ndinakuuzani kuti mlatho ndi wofooka kuti muwoloke nawo mosamala, inu mukuti nanga si unanena wekha kuti ndi wofooka.

Za Lachiwiri lija musavutikenso kuyankha. Maliro atatha amake mapasa anandiuza, akulira. Anali kuyanika zovala ndipo anaona zonse pamwamba pa mpanda. M'mawa umenewo munati pabalaza pakuzizira, mukufuna dzuwa. Amayi anaugwira mpando uja kumsana n'kuyamba kuukoka chobwerera, monga ankachitira zaka zinayi zonsezi. Unakodwa pakhomo, anaukoka mwamphamvu, kenako anaima, anagwira pachifuwa, n'kukhala pansi pa simenti. Ndipo inu, bambo, simunali kutali. Munali mutawagwirira chitseko kuti chisawatsekere.

Munawagwirira chitseko.

Ndinamufunsa Sisita Wezulo ngati amayi akanakhala moyo pakanapanda mpandowo. Mayi ameneyu sanama. Anati sangadziwe, mwina mafinya anali atayamba kale, ndipo alipo akazi amene amasamalidwa bwino koma amapitabe. Mwina n'zoona. Koma amayi anga sanapatsidwe mpata woti tidziwe. Inu munapatsidwa zaka zinayi zoti muchire, iwo sabata imodzi.

Nawonso ndawakwiyira, musaganize kuti ndi inu nokha. Amake mapasa potsegula sutikesi anapeza chovala cham'kati chimodzi chikadali m'pepala lake. Chinacho anavala tsiku limene galimoto inabwera kudzawatenga, monga ananenera, kuti dokotala awaone atavala bwino. Ndimati ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuwakalipira, kenako ndimakumbukira kuti kulibe kowaimbira.

Mwapempha kuti ndikupezereni munthu wokuphikirani ndi kukusamalirani, chifukwa ndinu munthu wa opaleshoni. Mapiritsi anu ndizitumiza mwezi uliwonse osaphonya, ndinu bambo anga ndipo ndinatsala kuno chifukwa cha zimenezo. Mayi wochapa uja azibwera Loweruka. Kuphika munayamba kale, pitirizani, mazira adzasiya kupserera.

Tsopano za mpando. Ndinagula ndine, ndipo ndinagulira munthu wodulidwa pachifuwa. Mayi wa telala uja, mnzawo wa amayi, nayenso bala lake linavuta ndipo anamugonekanso m'chipatala. Watuluka sabata yatha, akugonabe chotsamira khoma pa matumba a nsalu. Ndalankhula naye. Poyamba anakana, anati iye ali bwinobwino, ndipo ndinamukalipira mpaka anavomera. Mpandowo ukupita kwa iye, pamodzi ndi kapilo kofiira ndi chovala chili m'pepala chija.

Adalaivala abwera Loweruka m'mawa ndi kagalimoto ka mlamu wawo. Iwowo msana wawo ndi wovutadi, sanganyamule okha. Mukamva hutala mudzuke, muchotsepo bulangete lanu, ndipo mugwire mbali ya chitsulo, kolemerako. Chitseko adzagwira amake mapasa.

Musaope, bambo. Munachira kalekale.

Wailesi